Anayeza Makina Onse

Mwala woyamba unagwa padenga la maofesi nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa wa Lachisanu, koma Ndaziona Likongwe sanadzutse mutu. Anali m'chipinda cha seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse za ophunzira, pa koleji ina yophunzitsa ntchito zamanja imene ili ku Kanjedza, m'mphepete mwa nkhalango, ndipo maso ake anali pa manambala. Kwa zaka khumi ndi zinayi iye ndiye anali mkulu woyang'anira makompyuta pa kolejipo, ndipo m'zaka zonsezo panalibe munthu amene anamupezapo ndi cholakwa. Iye ankadziwa zimenezi, ndipo ankaonetsetsa kuti ena onse akuzidziwanso.

Tsikulo linali lomaliza kutumiza mayina, zithunzi ndi zikalata za ophunzira 640 ku bungwe loyesa mayeso. Ikangokwana 4 koloko madzulo bungwelo linali kudzatseka khomo lake la pa intaneti, ndipo wophunzira aliyense amene dzina lake silinafike akanataya chaka chathunthu. Komatu kuyambira Lachiwiri, nthawi iliyonse imene ntchito yotumizayo yayamba, seva inkayamba kukoka miyendo, kenako n'kuuma gwa. Mayina makumi atatu okha ndiwo anali atadutsa. Ophunzira anali atatopa ndi mawu akuti "tikukonza", ndipo m'mawa umenewo anakana kulowa m'kalasi.

Ndaziona ankakhulupirira kuti vuto analipeza kale. M'kati mwa purosesa, kachipangizo kamene kamagwira ntchito yonse ya kompyuta, muli timamita ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Purosesa ikatapa kanthu mu memore, nkhokwe yaikulu ya kompyuta, kamita kena kamawerenga. Ikaikamo kanthu, kena kamawerenga. Palinso kachitatu kowerenga kuphonya, ndiko kuti nthawi zimene purosesa yapisa m'kathumba kake kapafupi, yapeza mulibe chimene ikufuna, ndipo yakakamizika kukachitenga patali. Kuphonya kukachuluka purosesa imathera nthawi m'njira, ndipo ntchito yonse imaima. Ambiri mwa anthu okonza makompyuta mu Blantyre muno sadziwa n'komwe kuti timamitato tilipo. Ndaziona anatiphunzira ku yunivesite, ndipo ankatikhulupirira kuposa mmene ankakhulupirira munthu aliyense.

Lachinayi m'mawa anatsegula timamitato, n'kulamula Clifton Mulepa kuti ayambitse pulogalamu yake yotumizira mayina. Clifton anali wachiwiri wake, bambo wa zaka makumi anayi ndi ziwiri wokhala ku Bangwe, amene agogo ake anachokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, kudzathyola tiyi ku Thyolo. Analibe digiri. Analowa ntchito ngati wokoka mawaya, ndipo kulemba mapulogalamu anadziphunzitsa yekha. Pulogalamu yakeyo itangoyamba, kamita ka kuika kanalumpha kuchoka pa mamiliyoni ochepa kufika pa mabiliyoni, ndipo ka kuphonya kanatsatira. Ataiimitsa, patapita mphindi zingapo manambala anatsika. Anabwereza katatu, ndipo katatu konseko zinachitika chimodzimodzi. Ndaziona analemba lipoti la tsamba limodzi n'kupita nalo kwa a Stewart Chikafa, rejisitala wa koleji, Clifton akutsatira pambuyo.

A Chikafa anawerenga chiganizo chomaliza chokha, poti zinazo sakanazimva.

"Ndiye kuti chatigwetsa ndi chinthu cha a Mulepachi?" anafunsa.

"Manambala akutero," anayankha Ndaziona.

Clifton anatsokomola pang'ono. "Madamu, ndifunseko. Mwayeza makina onse, kapena pulogalamu yanga yokha?"

"A Mulepa, ine ndinayamba kuwerenga timamita timeneti inu mukukhomerabe mawaya m'makoma."

"Sindikukana, madamu. Kungoti kwathu ku Bangwe mpanda wonse tili pa mita imodzi ya magetsi. Mayunitsi akatha msanga, onse amaloza amene wagula ayironi yatsopano, chonsecho wina akuphika nyemba pa hotipuleti chitseko ali chitsekere."

A Chikafa anaseka, koma ataona nkhope ya Ndaziona kusekako kunawathera m'kamwa.

"Kuno si ku Bangwe," anatero Ndaziona. "Bwana, ine ndalemba. Ngati mukufuna kumva za nyemba, ndituluke."

Funso la Clifton lija Ndaziona sanaliyankhe, ndipo sanaliganizirenso. A Chikafa analamula kuti akaunti ya Clifton itsekedwe ndipo apite kunyumba kufikira ataitanidwa. Madzulo ake atsogoleri a ophunzira anadzaza mu ofesi mwawo akulalata, ndipo a Chikafa, pofuna kuti awachokere, anatenga lipoti lija n'kuwawerengera chiganizo chomaliza, dzina la munthu lili momwemo. Nkhaniyo itadutsa m'mafoni mazana asanu ndi limodzi inali itamera nyanga. Tsopano ankati Mulepa akufufuta mayina dala, ndipo ena ankalumbira kuti watumidwa ndi koleji ina yofuna kugwetsa yawoyi.

Ndiye chifukwa chake Lachisanu limenelo Ndaziona anali yekha m'chipinda cha seva, akukonzekera kutumiza mayina pamanja, makumi awiri nthawi imodzi, ntchito ya maola asanu. M'mawa foni yake inali italira ndi uthenga wa Clifton wakuti, "Madamu ndikubwera. Mundilole ndiyeze kamodzi kokha inu muli pomwepo." Anauwerenga, n'kuika foniyo chafufumimba patebulo.

Anasankha mayina makumi awiri oyamba n'kulamula kuti apite. Seva inalira, mafani ake anakweza mawu, ndipo zonse zinauma.

Ndaziona anayang'ana timamita. Kuika kunali pa mabiliyoni. Kuphonya kunali pa mabiliyoni. Pulogalamu ya Clifton inali yozimitsidwa, mwini wake analibe ngakhale njira yolowera, koma manambala anali omwe aja a dzulo. Anabwerera m'mbuyo kukaona lamulo limene analemba dzulo potsegula timamita, ndipo analipeza lili ndi kachilembo kamodzi kumapeto, kouza timamita kuti tiwerenge zonse zochitika m'makina, posayang'ana mwini wake. Zala zake zinazolowera kachilemboko kalekale, pa seva yakale imene inkagwira ntchito imodzi pa nthawi. Anakalemba osaganiza, monga munthu amakhomera chitseko cha nyumba yake.

Anachotsa kachilemboko n'kuyamba kuyeza pulogalamu iliyonse payokha. Sizinatenge mphindi ziwiri. Pafupifupi kuika konse ndi kuphonya konse kunali pansi pa dzina limodzi, ndipo dzinalo analisankha yekha zaka zisanu ndi zinayi zapitazo: Msungi.

Msungi inali pulogalamu imene Ndaziona ankanyadira koposa. Munthu akangokhudza kaundula wa ophunzira mochuluka, iyo inkadzuka mwakachetechete n'kukopera kaundula yense kuti pasatayike kanthu, ndipo ikapeza kuti china chasintha ikukopera, inkayambiranso pachiyambi. Zaka zonsezi kaundulayo anali mayina okha, ndipo kukoperako kunkatha munthu asanaphethire. Chaka chino bungwe linafuna zithunzi ndi zikalata, kaundula n'kulemera kambirimbiri. Dzina lililonse likatumizidwa linkaikidwa chizindikiro, Msungi n'kuona kuti pasintha kanthu, n'kuyambiranso, n'kuyambiranso, ikudzaza memore ndi kukankhira kunja zonse za m'kathumba ka purosesa. Pulogalamu ya Clifton inali ayironi chabe. Wophika nyemba anali Ndaziona mwini wake.

Maganizo amene anamubwerera poyamba sanali abwino, ndipo tisawabise. Nthawi inali 10:50. Akazimitsa Msungi n'kuyamba pompo, akanamaliza pamanja 4 koloko itatsala pang'ono. Anthu akanati Mulepa atachoka zinthu zinayenda, ndipo palibe mu Limbe monse amene akanatsegula timamita kuti atsutse. Anazimitsa Msungi. Manambala anagwa. Mayina makumi awiri anadutsa ngati madzi, ndipo iye anasankha makumi awiri ena.

Apo m'pamene phokoso la panja linasintha. Kuyimba kunatha, ndipo kunamveka mkuwo umodzi waukulu wa anthu mazana, wotsatidwa ndi mapazi othamangira mbali imodzi.

"Wabwera! Ndi ameneyo! Mugwireni!"

Ndaziona anayang'ana foni yake ili chafufumimba. Anatuluka m'chipindamo n'kukaima pa zenera la m'khonde.

Clifton anali atatsika minibasi pamsewu, atavala malaya oyera ositidwa bwino, chikwama cha laputopu chili paphewa. Anali atadutsa kale pageti pamene anazindikira. Anakweza manja kuti alankhule, ndipo mwendo wa desiki unamupeza pakamwa. Anagwada. Wina anamukoka chikwama, lamba wake n'kumukola pakhosi, ndipo anamukwekweza chagada pamiyala kufika pakati pa bwalo. Kuchokera pamenepo Ndaziona sanamuonenso bwino. Ankangoona misana, ndi manja okwera ndi kutsika, malamba a zitsulo, njerwa zogumulidwa ku mpanda wa maluwa. Laputopu inaulukira m'mwamba n'kusweka pakhoma. Alonda awiri a pageti anali atathawira kunkhalango.

"Wadya mayina athu, alavule!"

"Abwerere kwawo ku Milanje!"

"Tayala! Bweretsani tayala!"

Ndaziona anathamangira ku chitseko cha kutsogolo n'kupeza a Chikafa atachikhoma, makiyi ali m'manja, thukuta likutsika m'khosi.

"Tsegulani, bwana."

"Mayi Likongwe, mwapenga? Ndaimbira apolisi ku Limbe, ati galimoto yapita kwina, ikabwera abwera."

"Si iyeyo. Ndayezanso. Vuto ndi pulogalamu yanga."

"Ndiye mukatuluke kukawauza zimenezo? Akuphani, ndipo koleji ino yatha. Bwererani mukatumize mayina. Zinazo tikambirana Lolemba."

"Lolemba tikambirana kumaliro?"

Anawalanda makiyi. Sanayembekeze kuti awapereka mosavuta chotero, koma a Chikafa anangotsegula dzanja, ndipo iye atangotuluka, makiyi atawasiya pachitseko, anamva chitseko chikukhomedwanso kumbuyo kwake.

Bwalo linkanunkha petulo. Wina anali atamupopa m'thanki ya njinga yamoto ya kabaza n'kubwera naye m'botolo la madzi. Ndaziona anavula nsapato zake zazitali n'kulowa m'khamulo akukankha ndi zigongono, akufuula mayina a ophunzira amene ankawadziwa nkhope, ndipo ena anapatuka chifukwa cha chizolowezi chabe. Pakati anapeza Clifton atakhazikidwa pansi, tayala lakale lili m'khosi mpaka m'mapewa. Malaya aja anali ofiira kuyambira pakolala kufika palamba. Diso lamanzere silinkaoneka, panali chotupa chong'ambika chikutuluka magazi ndi madzi. Dzanja lamanja linali pamwendo pake, zala zitaloza mbali zosiyana. Mnyamata wamtali wophunzira zokonza magalimoto, dzina lake Kingsford, anali akukhuthulira petulo womaliza pa tayalalo, bokosi la machesi ali atalumira pamano.

Ndaziona anagwada n'kukumbatira tayalalo ndi manja onse awiri, petulo n'kunyowetsa bulauzi yake.

"Masteni, chokani!" anakuwa Kingsford, machesi tsopano ali m'manja. "Simukutidziwa eti? Chokani!"

"Yatsa," anatero Ndaziona. "Koma udziwe kuti wolakwa ndi amene wagwira tayalayu, osati amene walivala."

Chidutswa cha njerwa chinachokera kumbuyo kwa khamu n'kumumenya pakamwa. Anamva dzino likuthyoka, ndipo magazi anadzaza m'kamwa, koma sanasiye tayala. Lamba anamukwapula pamsana kawiri. Wina anamukoka tsitsi mpaka khosi linapindika.

"Dikirani! Aise, dikirani kaye!" Amene anakuwa anali Tawonga Msiska, mtsikana wophunzira zamagetsi, mtsogoleri wa bungwe la ophunzira, yemwe dzulo anamva chiganizo chija mu ofesi ya a Chikafa n'kuchiika pa foni. Iye ndiye anayambitsa nyimbo m'mawa uja, ndipo tsopano nkhope yake inali ya munthu amene galimoto yamuthawa pamtsetse. Anaima pakati pa Kingsford ndi tayala. "Madamu, mukuti chiyani? Lipoti munalemba ndinu. Tinalimva ndi makutu athu."

Ndaziona analavula magazi ndi kachidutswa ka dzino. Mawu a m'mabuku amene ankawakonda anali opanda ntchito pabwalo limenelo, ndipo amene anamubwerera anali a munthu amene anamunyoza dzulo.

"Iwe ndi wamagetsi," anatero mokweza mmene akanathera. "Mpanda wonse uli pa mita imodzi. Mayunitsi akuthera msanga. Kodi ungadziwe bwanji nyumba imene ikudya magetsi?"

"Umayeza nyumba iliyonse payokha," anayankha Tawonga.

"Ine sindinatero. Ndinawerenga mita ya makina onse, n'kulemba dzina la bambo awa. Anandifunsa, ndinawanyoza. Lero ndayeza payokhapayokha. Chimene chikudya memore ndi pulogalamu yanga, ndinailemba ndekha. Mayina anu onse alipo, palibe limene lafufutidwa."

Khamulo linawira. Ena ankati akunama kuti apulumutse mnzake, ena ankati awotchedwe onse awiri. Mwala wina unadutsa pafupi ndi khutu la Tawonga. Kingsford anali atatulutsa kale ndodo ya machesi.

"Ukawotcha, chaka chako wawotcha," anatero Ndaziona akumuyang'ana m'maso. "Nthawi yotumiza pamanja yatha muli pano. Chimene chingatumize mayina onse 4 koloko isanakwane ndi pulogalamu ya bambo awa, ndipo mawu ake achinsinsi ali m'mutu mwawo, mutu umene mukuuswawu."

Mawu amenewo anayenda m'khamumo kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo phokoso linatsika. Tawonga anatambasula dzanja, ndipo Kingsford, atazengereza, anaikamo machesi.

"Tipita nawo anthu khumi," anatero Tawonga. "Tikaone ndi maso athu. Zikakanika, madamu, ine sinditha kuwagwiranso anthuwa."

"Apite kuchipatala kaye," anatero Ndaziona.

"Geti silitseguka mayina asanapite!" anakuwa wina, ndipo khamu linavomereza.

Pansi pa tayala panamveka mawu ofooka. Ndaziona anaweramira pafupi.

"Mayina kaye," anatero Clifton. "Apo ayi andimaliza."

Anamuvula tayala n'kumunyamula pa benchi. A Chikafa anatsegula chitseko atamva kuti akapanda kutero achithyola, kenako anakadzitsekera m'chimbudzi. M'chipinda cha seva munadzaza fungo la petulo ndi thukuta, ndipo magazi ankadontha kuchoka pa benchi kugwera pa matailosi oyera. Ndaziona anatsegulanso akaunti ya Clifton. Analakwitsa kawiri. Pulogalamu itafunsa mawu achinsinsi, anaika khutu pakamwa pa Clifton, ndipo iye ananong'ona dzina la mwana wake wamkazi, Ulemu, ndi tsiku limene anabadwa.

Asanayambitse, Ndaziona anagawa sikirini pawiri n'kuitana Tawonga.

"Kumanzereku ndi timamita ta pulogalamu ya a Mulepa yokha. Kumanjaku ndi ta pulogalamu yanga. Mzere uwu ndi kutapa, uwu ndi kuika, uwu ndi kuphonya. Ndiyatsa yanga kaye kuti uone."

Anayatsa Msungi, n'kuyambitsa kutumiza. Kumanja manambala anathamanga mpaka maso sankatha kuwatsatira, ndipo mafani analira. Kumanzere manambala ankayenda pang'onopang'ono, kenako anaima, poti pulogalamuyo inkangodikira.

"Tsopano ona."

Anazimitsa Msungi. Kumanja zonse zinagwera pa ziro. Kumanzere kutapa kunayamba kuyenda mwadongosolo, kuika kuli kochepa, kuphonya kosafika ngakhale kamodzi pa zana. Pansi pa sikirini nambala ya mayina otumizidwa inayamba kukwera: 51, 80, 140. Kingsford, amene analowa nawo, anayang'ana manja ake n'kuyamba kuwapukutira ku thalauza mobwerezabwereza. Itakwana 300, Tawonga anavula juzi yake n'kuipinda pansi pa mutu wa Clifton, koma Clifton sanadziwe, poti anali atakomoka.

Dzina la 640 linadutsa nthawi ili 12:25. Tawonga anatuluka kukauza anzake, ndipo kunja kunamveka kukuwa kwa chisangalalo, kwa makosi omwe aja amene ankaitanitsa tayala. Apolisi anafika geti likutsegulidwa, anaponya utsi wokhetsa misozi pa anthu amene anali atayamba kale kubalalika, n'kugwira amene anawapeza pafupi. Ndaziona anayendetsa yekha galimoto yake kupita kuchipatala cha Gulupu, Clifton atagonekedwa kumbuyo, iye akumeza magazi pa mphambano iliyonse.

Lamulungu masana, nthawi yoona odwala, anabwereranso kuchipatalako, mlomo uli wosokedwa, atanyamula jumbo ya malalanje ndi envulopu. Pakhomo la wodi anakumana ndi mayi wamfupi wovala chitenje cha chigwirizano cha amayi a mpingo, amene anaimirira n'kutseka njira.

"Ndinu Mayi Likongwe?"

"Ndine. Inu ndinu Mayi Mulepa?"

"Ndine Ireen, mkazi wa munthu amene munamulemba uja. Diso achotsa dzulo. Zala ziwiri ati sizidzapindikanso. Mwabwera kudzayeza chiyani lero?"

Ndaziona anapereka envulopu ija. "A Chikafa amafuna ndilembe kuti makina anangovuta okha. Ndalemba zimene zinachitika, dzina langa lili momwemo. Kope lina lapita ku bodi ya koleji, lina ku polisi."

Ireen anawerenga tsamba lonse ali chiimire, milomo ikuyenda. Atamaliza anapatuka pang'ono.

Clifton anali pa bedi lachinayi, theka la mutu lili m'mabandeji, dzanja lamanja lili pa pilo ngati katundu wa munthu wina. Ireen anamuwerengera lipotilo pang'onopang'ono, akupunthwa pa manambala aakulu. Iye anamvetsera diso lotsalalo lili kudenga.

"Uthenga wanga uja munauona, madamu?" anafunsa pomaliza.

"Ndinauona."

"Musanamve phokoso, munali mutadziwa kale?"

Ndaziona akanatha kunama, poti zimenezo sizinali m'timamita tilitonse. "Ndinali nditadziwa. Panali patapita mphindi khumi. Sindinakuimbireni."

"Zimenezo simunalembe."

"Ndikalemba."

Ireen anatenga jumbo ya malalanje imene Ndaziona anaika pa kabati n'kumubwezera m'manja. Clifton anapuma kangapo, mpweya ukulira m'nthiti zothyoka.

"Funso langa la Lachinayi simunandiyankhebe," anatero.

Ndaziona anaimirira mowongoka, monga ankaimira pamaso pa aphunzitsi ake kalelo.

"Ndinayeza makina onse, a Mulepa."

"Ndamva."

Anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo mbali imene inatsala ikumuyang'ana inali ya bandeji. Ndaziona anaima pomwepo ndi malalanje ake kufikira namwino analiza belu lotulutsa alendo.